Nyenyezi Yogwela pa Denga la aNjobvu

Chaka cha 1986 chinali chachisanu chikhalile aStanislaus Miti pa sukulu ina yaing'ono kum'mwela kwa Nyimba, kumene msewu umathela mumchenga wa mtsinje wouma ndipo mapili a ku Mozambiki amaoneka ngati ali kuseli kwa munda. Sanapite kumeneko mwa kufuna kwawo. Anali munthu wa digili ya sayansi, ndipo kale ankaphunzitsa pa sekondale yaikulu ku Kabwe. Tsiku lina m'chipinda cha aphunzitsi anafunsa mokweza chifukwa chake ana ankatulutsidwa m'kalasi kukaimbila alendo a Chipani m'mbali mwa msewu mayeso atayandikila. Patapita milungu itatu kunabwela kalata yowasamutsa. Akazi awo, aFebby, anatsala ku Kabwe ndi ana atatu chifukwa cha ntchito yawo ya unamwino. Makalata opempha kubwelela aMiti analemba khumi ndi anayi, ndipo onse anamila ngati mwala m'dziwe.

Khomo linatseguka pang'ono mwezi wa Malichi. Mnzawo wina wa ku yunivesite, amene tsopano anali m'gulu lolemba buku latsopano la sayansi ku Lusaka, anawalembela kuti gululo latopa ndi zithunzi za thambo la ku Ulaya. "Tikufuna chithunzi cha nyenyezi yothothoka, chojambulidwa m'dziko lathu lino ndi munthu wathu," inatelo kalatayo. "Kumayambililo kwa Meyi zidzagwa zambili mbandakucha, pakuti dziko lapansi lidzadutsa m'fumbi losiyidwa ndi nyenyezi ya mchila imene tikuiona chaka chino. Ukachipeza, utumize pamodzi ndi negetivu yake, kuti akuluakulu atsimikize. M'gulu lathu muli mpando umodzi wopanda munthu, ndipo dzina lako ndalitchula kale." Pamodzi ndi kalatayo panali mpukutu umodzi wa filimu, wokwana zithunzi khumi ndi ziwili. M'masiku amenewo, pamene sopo yemwe anali woimila pamzele, wachiwili sukanapezeka.

Usiku wa pa 5 Meyi kunazizila monga kumachitila m'masika, chimanga chili m'mikukwe. AMiti anadzuka tambala woyamba asanalile, nanyamula desiki kupita nayo kumapeto kwa bwalo la mpila. Pamwamba pake anaikapo kamela yawo yakale ya maso awili, naichilikiza ndi njelwa ndi mabuku kuti isagwedezeke. Poyamba anailozetsa kumwamba kwenikweni. Kenaka anaganiza kuti thambo lokha silinena dziko lake: la ku Ulaya ndi la ku Nyimba pa pepala n'limodzi. Motelo anaiwelamitsa pang'ono, kuti m'munsi mwa chithunzi muoneke mlambe ndi madenga awili a kumapeto kwa mudzi.

Ali mkati mokonza anamva chifuwa chimene mudzi wonse unkachidziwa. Anali aWhiteson Njobvu, nkhalamba imene pa unyamata wake inakumba golide ku Sasare, ndipo tsopano kutsokomola sikunkailola kugona. M'mudzimo anali mkamwini. Akazi awo anamwalila zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo osasiya mwana, ndipo abale a malemuwo anawasudzula monga mwa mwambo, koma anawalola kukhalabe m'kanyumba kawo chifukwa kwawo, tsidya la malile, kunali nkhondo.

"Ndani uyo akuba desiki ya boma usiku?" anafunsa aNjobvu.

"Ndine, bambo."

"Aa, aticha! Ine ndimayesa fisi wavala jekete. Mukujambula chiyani mumdima muno? Ine masana munandikana katatu."

"Filimu iyi ndi ya nyenyezi."

"Nyenyezinso zayamba kufuna chitupa?"

AMiti sanali munthu wokonda nthabwala, koma ankasowa dzanja lachitatu. Anafotokoza kuti diso la kamela liyenela kukhala lotsegula nthawi yaitali, ndipo kuti politsegula ndi politseka chala chimagwedeza chithunzi. Anapempha nkhalambayo kuti izitchinga disolo ndi chipewa chake, n'kumachichotsa pang'onopang'ono ikauzidwa. ANjobvu anavula chipewacho mwaulemu ngati akulowa m'tchalitchi.

Nyenyezi zinayamba kuthothoka kamwezi kotsala katangotuluka. Zinali zachangu, zina zosiya kamchila ka utsi. Imodzi inadutsa pamwamba pa sukulu, ina kumbuyo kwawo, ina kutali kumapili. Palibe imene inadutsa pamene kamela inayang'ana. AMiti ankawelenga mphindi pa wotchi yawo, n'kupukusa filimu, ndipo nambala ya pa kawindo kofiila inkakwela: zinayi, zisanu ndi ziwili, zisanu ndi zinayi.

"Zikukuzembani ngati ana anu tsiku lolima m'munda wa sukulu," anatelo aNjobvu.

"Chete, bambo. Chotsani chipewa."

Pa chithunzi cha khumi ndi chimodzi, kum'mawa kutayamba kutuwa, thambo linang'ambika. Nyenyezi yaikulu yobiliwila inatsika chopendekela, kuwala kwake kunaonetsa udzu wa pabwalo umodziumodzi, ndipo inakazimila kuseli kwa madenga aja. ANjobvu anangoti kukamwa yasa. AMiti, amene anali asanaseke mokweza chifikile m'delalo, anagwila nkhalambayo paphewa naseka ngati kamwana.

Filimuyo inadikila milungu iwili kuti papezeke lole ya ku Petauke. M'masiku amenewo mudzi unali pa malilo. Chikuku chinali chitatenga kale ana awili mwezi wa Epulo, ndipo patangopita masiku awili chigwele nyenyezi ija chinatenganso Christabel, mwana wa zaka zitatu wa aCosmas Daka, tcheyamani wa Chipani m'mudzimo. Amai a aDaka anali mkulu wake wa malemu akazi a aNjobvu, kotelo kuti aDaka ankaitana nkhalambayo kuti atate. AMiti anapita kumalilo, anakhala pakati pa amuna monga kuyenela, koma mtima wawo unali m'kabati mmene munali filimu.

Ku Petauke anaipeleka kwa aBenson, wojambula zithunzi za zitupa ndi za maukwati pafupi ndi msika. ABenson anatuluka m'kachipinda kawo ka mdima akupukusa mutu.

"Pepani, aticha, filimu yanu yapsa. Mulibe munthu ngakhale mmodzi. Mukanandiitana ine ndikakuphunzitseni."

"Musaitaye! Bwelani nayo kuno."

Anaiyang'anitsa kuwindo. Pa kagawo ka khumi ndi chimodzi, kakukulu ngati bokosi la machesi, panali kamzele kakuda kopyapyala ngati tsitsi, pakuti pa negetivu choyela chimaoneka chakuda. ABenson atachitsuka pa pepala lalikulu, kamzeleko kanasanduka mkondo wa moto wochokela pakati pa nyenyezi, ndipo nsonga yake inathela ndendende pa nsonga ya denga loyamba.

Akanachitumiza tsiku lomwelo, nkhani ikanathela pomwepo. Koma munthu amene wanyozeka zaka zisanu amafuna kuti pamene ananyozekela pomwepo aone. Anabwelela nacho kusukulu, nachikhoma pa bolodi ya zidziwitso Lolemba m'mawa. Pansi pake analemba tsiku, ola, dzina lawo ndi zilembo za digili yawo. Kwa ana a giledi seveni anati: "Onani bwino. Maso anganame, makutu anganame, koma kamela siinama." Negetivu anaiika mu envulopu kudikila lole ya makalata ya Lachisanu.

Lachiwili kunabwela azimai atatu kudzaona chithunzicho. Lachitatu anthu anali ngati pa chigayo, ndipo palibe amene ankayang'ana nyenyezi za m'mwamba. Zala zonse zinkaloza denga. Madzulo ake aEdmond Mvula, mphunzitsi wamkulu, munthu wofatsa amene ankaopa ngakhale mthunzi wa kalata ya boma, anaitanila aMiti mu ofesi natseka chitseko.

"AMiti, kodi mukudziwa chimene anthu kuno amanena moto ukamayenda m'mwamba usiku?"

"Ndikudziwa. Amati ndi mfiti ili pa ulendo. N'chifukwa chake tili ndi sukulu."

"Denga lija ndi la aNjobvu. Mwana wa aDaka anamwalila patapita masiku awili. Tsiku munalemba nokha pansi pa chithunzi, ndi ola lomwe. Mailo, Lachinayi, kuli msonkhano pabwalo lathu lino. Akufuna kuwapitikitsa."

AMiti anatuluka, nalunjika kumapeto kwa mudzi. Anapeza aNjobvu atakhala pakhonde, akumanga bulangete, mbale ziwili ndi nkhwangwa m'chiguduli cha saka.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Mundiuze ndinu ophunzila. Kwathu ndi kuseli kwa phili lo. Mudzi wathu ankhondo anautentha chaka chatha. Mlongo wanga sindidziwa ngati ali moyo. Koma Cosmas wati ndikagona muno Lachisanu, nyumba ino iyaka ndili momwemo." Anatsokomola nthawi yaitali. "Dzulo sananditchule atate. Anati mkamwini uja."

"Ndikawafotokozela. Nkhani yake ndi yapafupi."

"Kafotokozeni, aticha. Koma munthu amene waika mwana m'manda safuna kufotokozeledwa. Amafuna dzina."

Lachinayi masana anthu anadzaza bwalo la mpila. Amuna anakhala pa mabenchi a sukulu, akazi pansi cha kumbali, ndipo aNjobvu anawakhazika okha pakati, padzuwa, chipewa chili pa bondo. AMiti anavala suti yawo ya ku Kabwe. M'thumba la mkati munali envulopu ija, adilesi ya ku Lusaka italembedwa kale. ADaka anaimilila chithunzi chili m'manja. Anali ataonda, maso ali psuu, ndipo sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, ife ku yunivesite sitinafikeko, ndiye mutikhululukile tikafunsa zopusa. Chithunzi ichi munajambula ndinu?"

"Ndine."

"Ana athu munawauza kuti kamela siinama?"

"Ndinatelo."

"Nanga moto uwu ukulowa m'nyumba ya yani?"

"Sukulowa m'nyumba ya munthu aliyense," anatelo aMiti, mwa mawu awo a m'kalasi. "Chimene mukuonacho ndi kafumbi kochepa ngati njele ya mapila, kamene kanapsa m'mwamba kwambili, kutali kuposa kuchoka pano kukafika ku Petauke. Denga lili pafupi, motowo uli kutali. Taonani: ndikakweza chala changa chonchi, chikuphimba phili lija. Kodi chala changa chakhudza phili?"

"Njele ya mapila iunikile mudzi wonse?" anafuula munthu wina kumbuyo. "Tipatseniko mbewu yake, aticha, palafini wasowa!"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kopanda chifundo. AMiti anali ndi mboni imodzi yotsala, ndipo anaiponya mosaganiza.

"Pa ola limenelo aNjobvu sanali n'komwe m'nyumba mwawo. Anali pano, pambali panga, akundithandiza. Ndinali nawo kuyambila tambala woyamba mpaka kucha."

ADaka anatembenukila kwa anthu pang'onopang'ono.

"Mwamva nokha. Ife tonse tili mtulo, iye anali panja. Ankadikila alendo ake. Ndipo wanena si ine, ndi munthu wa digili."

Azimai anayamba kung'ung'udza, anyamata ena anaimilila. ANjobvu sanadzutse mutu. AMiti anaona kuti liwu lililonse loona limene atulutse likusanduka chingwe, ndipo omanga nacho nkhalambayo ndi iwo. AMvula anawakoka jekete nawanong'oneza: "Khalani pansi, aMiti. Mwayesetsa. Lole ibwela mailo. Tumizani zanu muzipita kwa ana anu. Za m'mudzi si zathu."

Anakhaladi pansi. Anaganiza za mwana wawo wotsiliza, amene pa tchuthi chathachi anabisala kumbuyo kwa amai ake powaona, ngati waona mlendo. Anaganiza za msewu wothela mumchenga, ndi zaka khumi ndi zitatu zimene zinatsala kuti apume pa ntchito. Palibe akanawaimba mlandu. Iwo sananamizile munthu. Anamva aDaka akufunsa ngati pali wina wotsutsa kuti mkamwiniyo achoke dzuwa la Lachisanu lisanalowe. Panalibe. Kenaka anamva chifuwa chija, ndipo anazindikila kuti munthu wotsokomola chotelo sangafike ngakhale patsinde pa phili.

Anaimililanso.

"Atcheyamani, ndili ndi mawu ena. Kamela siinama, n'zoona. Wonama ndine."

Anatulutsa envulopu, naing'amba, nakweza negetivu kuti dzuwa liwale kupyola m'menemo.

"Bwelani muone. Chithunzi chija chinachokela pa kanthu aka. Apa choyela chimaoneka chakuda. Kamzele kakuda aka ndiko moto wanu uja. Ndinakalemba ndine, ndi inki. Usiku wonse nyenyezi zinandiphonya, ndipo ndinkafuna ntchito ku Lusaka. Sindinayang'ane kuti mzelewo wathela pa denga la yani."

"Mukumuteteza," anatelo aDaka. "Inu simungachite zimenezo. Timakudziwani, mumakwapula mwana chifukwa choonela yankho limodzi."

"Denga lachiwili ili ndi la yani?"

ADaka anayang'anitsitsa, nazengeleza. "Langa."

AMiti anasolola cholembela chawo cha inki m'thumba, natsamilitsa negetivu pa benchi. Zaka makumi awili za kujambula mizele pa bolodi zinawongola dzanja lawo. Anakoka mzele kuchokela pakona ya kumwamba mpaka pa nsonga ya denga lachiwili.

"Tengani. Pitani nayo kwa aBenson ku Petauke. Akakatsuka, moto ukhala pawili, ndipo wanu ndi wonenepa kuposa wa aNjobvu. Kodi pali wina akufuna wake? Mlambe uwu nawonso ndi mfiti." Anakoka mzele wina, ndi winanso, mopingasa ndi mopendekela, mpaka kamzele koona kaja kanasowa pakati pa mabodza, ndipo ngakhale iwo eni sakanathanso kukaloza.

Phokoso limene linabuka silinali la kuseka. ADaka anagwila kanthuko ndi zala ziwili ngati khala la moto, nayang'ana mzele wolunjika pa nyumba yawo, nayang'ananso anthu amene tsopano ankasuzumila paphewa pawo. Anakaponya pansi.

"Ndiye mwasewela ndi malilo athu," anatelo. "Mwana wanga ali m'dothi, inu mukujambula mizele kuti mukadye bwino ku Lusaka. Mukanatiphetsa munthu wosalakwa! Lipoti lanu ndilemba ndekha, ndipo likafika ku boma inu musanameze malovu."

"Bodza la digili!" anafuula wa palafini uja, ndipo mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa.

Pakati pa azimai panaimilila aRabecca, amai a mwana womwalilayo, mutu uli wometa.

"Nanga mwana wanga, aphunzitsi? Ngati si iwowa, anamutenga ndani?"

"Chikuku, amai," anayankha aMiti motsitsa mawu. "Pepani. Ndilibe dzina lina loti ndikupatseni."

Maiyo anafunda chitenje kumutu nachoka. Anthu anamutsatila m'magulumagulu. Palibe amene anapepesa kwa aNjobvu, koma palibenso amene anatchula za Lachisanu. Podutsa pafupi ndi nkhalambayo, aDaka anaima pang'ono, nanena osayang'ana kumaso: "Chokani padzuwa, atate."

AMvula anatsala akusonkhanitsa mabenchi. "Mukudziwa kuti nanenso ndiyenela kulemba," anatelo. "Atcheyamani akalemba ine osalemba, afunsa chifukwa chake. Mphunzitsi wa sayansi wopeka umboni... AMiti, mpando uja muuiwale. Ngakhale kusamuka kwenikweniko."

"Lembani, aMvula. Mukafuna, ndikuthandizani kalembedwe."

Dzuwa litapendeka aNjobvu anafika pa nyumba ya aMiti, naima pabwalo osaodila. AMiti anali pakhonde, akadali m'suti, zala zili bii ndi inki.

"Aticha, inki ija munaithila liti? Ine ndinalipo. Inagwa. Inali yobiliwila, ndipo udzu unaoneka."

"Simunaone kanthu, bambo."

"Maso anga ndi okalamba, koma si akufa. Mailo ndikawauza kuti mwadzinamizila."

"Mukakawauza, mumangenso katundu wanu, ndipo ine ndikhala nditaononga chithunzi changa pachabe. Simudzanena kwa munthu aliyense, ngakhale kwa abambo mfumu poulula machimo. Mwamva?"

Anawalankhula ngati mwana wa giledi faifi, ndipo nkhalambayo inamvela ngati mwana wa giledi faifi. Inakhala pansi pa sitepe, nipuma mpaka chifuwa chitadekha.

"Nanga inu mukhala kuno mpaka liti?"

"Sindikudziwa."

"Ana a sukulu azikusekani."

"Ayamba kale. Wina walemba pa chitseko cha kalasi."

"Walemba chiyani?"

"Aticha a inki. Ndipo liwu loti inki walilemba molakwitsa."

ANjobvu anapukusa mutu. "Ndiye tili awili opanda kopita. Ine ndiye ndinakwatilako kuno. Inu mwakhala mkamwini wopanda n'mkazi yemwe m'mudzi muno." Anasendela pang'ono pa sitepepo. "Khalani pansi, aticha. Kuimilila sikufupikitsa zaka."

AMiti anavula jekete, naipinda bwinobwino, nakhala.